Sciences Po ya ku Paris: ndi sukulu yanji, ndipo mwana wa kuno angaikwanitse?

Bambo a Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Amene mukudziwa za maphunziro a ku France ndithandizeni chonde. Mwana wanga wamkazi anamaliza digiri yake ku Zomba, ya kayendetsedwe ka ntchito za boma, ndipo pano ali pa ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe. Masiku ano pakamwa pake sipachoka dzina loti Sciences Po, akuti akufuna akachite masitazi kumeneko. Ine dzinali ndalimvera kwa iyeyo. Kodi ndi yunivesite yeniyeni? Munthu wosadziwa Chifalansa akakaphunzira bwanji? Nanga pepala lakelo akabwera nalo kuno lidzamuthandiza? Sindikufuna kumugwetsa ulesi, komanso sindikufuna athere mphamvu zake pa chinthu chosadziwika bwino.

Gama wa ku Joni: Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana ali pa ntchito kale, ntchito zake zosowazi. Ngati akufunadi masitazi abwere kuno ku Wits kapena ku Cape Town, n'pafupi, chiyankhulo n'chomwe akuchidziwa. Ku France akakavutika ulele.

Aphunzitsi Mbewe: Bambo a Tadala, mtima pansi, mwana wanu sanasochere. Ine ndaphunzitsa Chifalansa ku sekondale kwa nthawi yaitali, ndipo munthu sungawerenge mbiri ya France ya zaka 150 zapitazi osakumana ndi sukulu imeneyi. Mundilole ndifotokoze mmene inayambira, chifukwa chiyambi chakecho ndi chimene chimachititsa kuti ena aziinyadira, ena n'kumadana nayo.

M'chaka cha 1870 France inamenyana ndi Prussia, ufumu waukulu wa Ajeremani, n'kugonja mochititsa manyazi. Mfumu yawo, Napoleon III, inagwidwa ku Sedan mu September chaka chomwecho. Ajeremani anazinga mzinda wa Paris nyengo yonse yozizira, ndipo pamapeto pake France inalandidwa chigawo cha Alsace ndi mbali ina ya Lorraine, n'kulamulidwanso kulipira mafaranki 5 biliyoni. Chilonda chimenecho chisanapole, mu 1871 anthu a mu Paris anaukira boma lawo lomwe, n'kukhazikitsa ulamuliro wotchedwa Commune, umene asilikali anauthetsa mu May pokhetsa mwazi wa anthu masauzande. Dziko linali litasweka mtima, ndipo anthu ophunzira anayamba kufunsana kuti chatigwetsa n'chiyani.

Mmodzi mwa ofunsawo anali Émile Boutmy, wolemba nkhani komanso mphunzitsi. Iye ankaona kuti vuto silinali mfuti zokha ayi. Anthu oyendetsa dziko sankadziwa mmene mayiko ena akuganizira, sankadziwa za chuma, ngakhale mbiri ya masiku awo omwe sankaidziwa. Mayunivesite ankaphunzitsa malamulo, udokotala ndi mabuku akalekale, koma wofuna kukayendetsa unduna kapena kukakhala kazembe analibe kophunzirira ntchitoyo. Ndiye mu 1872 Boutmy, ali ndi anthu monga katswiri wa mbiri Hippolyte Taine kumbuyo kwake, anatsegula École libre des sciences politiques. Sinali ya boma, inali yoima payokha, yolipira. Inayambira m'zipinda zobwereka, mpaka mu 1879 pamene mayi wina wolemera, Duchesse de Galliera, anapereka ndalama zogulira nyumba pa nambala 27 rue Saint-Guillaume. Mpaka lero likulu lake lili pomwepo. Ngakhale amene anayambitsa London School of Economics mu 1895 anatengerako nzeru ku sukulu ya Boutmy imeneyi.

Bambo a Tadala: Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti mpaka pano ndi sukulu ya munthu wamba, osati ya boma?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi bambo, zinasintha mu 1945. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu ambiri analoza chala akuluakulu a boma amene anagonja kwa Hitler mu 1940, ena n'kugwira ntchito mu boma la Vichy limene linkagwirizana ndi Ajeremani, ndipo ambiri mwa akuluakuluwo anali ophunzira akale a sukuluyi. Panali mawu amphamvu oti boma liilande yonse. Boma la Charles de Gaulle linapeza njira yapakati. Linakhazikitsa zinthu ziwiri: Institut d'études politiques de Paris, yomwe ndi sukulu ya boma yophunzitsa ndi kupereka madigiri, ndi Fondation nationale des sciences politiques, bungwe loima palokha losunga chuma, laibulale ndi kafukufuku. Ziwirizi pamodzi ndiye Sciences Po imene mwana wanu akunena. Pepala lake boma la France limalivomereza, pa zimenezo musakayike.

Mjomba wa ku Lunzu: Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mwasiya fupa lake. Boutmy sanabise cholinga chake. Analemba yekha kuti mabanja apamwamba, poti ufulu wovota wafika kwa aliyense, sangapitirize kulamula pokhapokha ataonetsa kuti ndi amene ali ndi luso kuposa ena. Ndiye sukuluyi inamangidwa kuti ana a anthu olemera asataye mpando. Taonani zotsatira zake. Georges Pompidou, François Mitterrand, Jacques Chirac, François Hollande, Emmanuel Macron, onsewa apulezidenti, onse anadutsa khomo limodzi. Nicolas Sarkozy nayenso analowako ngakhale sanatuluke ndi pepala. Chaka chomwecho cha 1945 anatsegulanso ENA yophunzitsa akuluakulu a boma, ndipo kwa zaka zambiri njira inali imodzimodzi: Sciences Po, kenako ENA, kenako unduna. Wa chipani cha kumanja ndi wa chipani cha kumanzere, mphunzitsi wawo mmodzi. Dziko la anthu oposa 60 miliyoni lingamayendetsedwe ndi anthu otuluka mu msewu umodzi wa mu Paris? Ndipo kuno ku Africa tisaiwale kuti Paul Biya wa ku Cameroon, amene ali pa mpando kuyambira 1982, nayenso anaphunzira komweko.

Tembo wa ku Chipata: Amjomba, mukatchula Biya mutchulenso Boutros Boutros-Ghali, munthu woyamba wa mu Africa kukhala mlembi wamkulu wa United Nations. Nayenso anadutsa pomwepo. Sukulu siingasenze machimo a aliyense amene anakhalapo pa benchi yake.

Mjomba wa ku Lunzu: Ndavomera a Tembo, koma mfundo yanga ikadalipo. Afalansa eni akewo amadandaula nazo. Macron yemwe, amene anadutsa sukulu zonse ziwiri, anatseka ENA, ndipo kuyambira January 2022 m'malo mwake muli sukulu ina yotchedwa INSP. Sanaitseke chifukwa chosowa chochita, anthu anali atatopa ndi kulamulidwa ndi kagulu kamodzi.

Nangondo: Moni akuluakulu. Ine ndinachita masitazi ku Sciences Po, ndiye bambo a Tadala ndiyankhe mafunso anu ngati mwana wanu ndithu.

Za chiyankhulo musadere nkhawa kwambiri. Masitazi amagawidwa m'masukulu angapo mkati mwa Sciences Po momwemo. Kuli sukulu ya za ubale wa mayiko yotchedwa PSIA, imene inatsegulidwa mu 2010, kuli ya kayendetsedwe ka boma, ya malamulo, ya utolankhani, ya kamangidwe ndi kayendetsedwe ka mizinda, ya za bizinesi, komanso ya kafukufuku kwa ofuna kupitirira mpaka udokotala wa maphunziro. Ku PSIA, kumene ine ndinali, munthu akhoza kumaliza zaka ziwiri zonse m'Chingerezi, ndipo ophunzira ambiri kumeneko si Afalansa. Mumasankha nthambi: chitukuko cha mayiko, chitetezo, ufulu wachibadwidwe ndi ntchito zothandiza ovutika, zachilengedwe, mphamvu zamagetsi ndi mafuta, chuma cha mayiko, ukazembe. Kwa munthu wochokera ku kayendetsedwe ka boma ngati achemwali angawo, ndingawauze ayang'ane PSIA komanso sukulu ya kayendetsedwe ka boma, nayonso ili ndi nthambi za m'Chingerezi. Chifalansa amaphunzitsa pomwepo ngakhale kwa woyamba kumene, ndipo ndikuwalimbikitsa achitenge mwakhama, chifukwa ku banki, kwa dokotala ndi kwa mwini nyumba Chingerezi sichikufikitsa patali.

Kaphunzitsidwe kake nkosiyana ndi kamene tinazolowera. Pali makalasi akuluakulu, anthu mazanamazana mu holo yotchedwa Boutmy, koma ntchito yeniyeni imachitikira m'timagulu ta anthu pafupifupi 20. Kumeneko aliyense amapatsidwa tsiku lake loimirira kutsogolo. Umakhala ndi mphindi 10 zokha. Uyambe ndi funso limodzi lomveka bwino, yankho lako uligawe pawiri, gawo lililonse uligawenso pawiri, umalize nthawi isanathe. Mphunzitsi amakhala chete ndi wotchi pa tebulo, ndipo ukangomaliza anzako amayamba kukupanikiza ndi mafunso. Aphunzitsi ambiri a timaguluti si a m'kalasi okha, masana amakhala ali ku unduna, ku bungwe la mayiko loona za chuma la OECD, ku UNESCO kapena ku mabungwe ena, madzulo n'kubwera kudzaphunzitsa. Wina amalowa atanyamula chikalata chimene amakambirana ku ofesi tsiku lomwelo n'kuti tiyeni tichisanthule. Malikisi amawerengera pa 20, ndipo 10 ndiye kukhoza. Munthu ukapeza 14 uzidziwa kuti wagwira ntchito. Kujomba sakusekerera: ukaphonya kalasi imodzi koposa kawiri, phunzirolo walephera. Pa masemesita anayi, imodzi ambiri amakhala kunja kwa kalasi, kuphunzira ntchito ku bungwe lina, kupita ku yunivesite ya dziko lina kapena kulemba kafukufuku.

Chimene ndinapindula kwambiri ndi kuyankhula mfundo mwachidule pamaso pa anthu amene sakugwirizana nane. Pa ntchito imene ndikugwira pano ndi chimene chimandidyetsa.

Gama wa ku Joni: Zonsezo zabwino achemwali, koma tauzani bambowa mtengo wake. Pamenepo ndi pamene nkhani imathera.

Nangondo: Zoona achimwene, ndipo sindibisa. Ana a ku France ndi mayiko a mu European Union amalipira molingana ndi zimene makolo awo amapeza, osauka salipira n'komwe. Ife ochokera kunja timalipitsidwa mtengo wapamwamba: masitazi ndi pafupifupi mayuro 20,000 pa chaka, digiri yoyamba ndi oposa 14,000. Pamenepo simunawerengere nyumba, ndipo ku Paris kachipinda kamodzi, bedi apa, sinki apa, kamadya ndalama zoposa zimene ambiri kuno amalandira pa mwezi. Ine ndinkakhala kunja kwa mzinda n'kumakwera sitima m'mawa uliwonse. Lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ganyu maola 964 pa chaka, koma ndalama imeneyo ndi ya chakudya, siingalipire fizi.

Ndiye kwa ambiri a ife njira ndi sikolashipu. Kuyambira 2017 Sciences Po ili pa mgwirizano ndi Mastercard Foundation wothandiza ophunzira a mu Africa, ndipo thandizo limenelo limalipira fizi ndi zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Palinso ya Émile Boutmy, ya ophunzira ochokera kunja kwa European Union, koma imeneyo nthawi zambiri imangochepetsako fizi. Boma la France lili ndi ina yotchedwa Eiffel, imene imapereka ndalama ya pa mwezi, koma ili ndi malire a zaka zakubadwa za wopempha, ndipo amakupemphera ndi a sukulu, osati iwe mwini. Bambo, muwauze achemwaliwo kuti masiku otsekera masikolashipu amafika msanga kuposa a malo wamba. Wofuna kuyamba mu September amayenera kukhala atakonza zonse chaka chinacho chisanathe: zotsatira za ku yunivesite, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, umboni wa Chingerezi, ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Kalata imeneyo asalembe zongosangalatsa azungu. Alembe za ntchito imene akugwira ku Lilongweko, vuto lenileni limene waliona ndi maso, ndi chimene akusowa kuti alithetse.

Bambo a Tadala: Mwana wanga Nangondo, Mulungu akudalitse. Ndakopera zonse ndamutumizira. Ngati fizi ndi imeneyo ndiye m'thumba mwanga simungatuluke, koma poti njira ya sikolashipu ilipo, ayesere. Funso langa lomaliza linali la ntchito akabwerako.

Tembo wa ku Chipata: Pa ntchito bambo ndiyankheko ine. Ku maofesi ambiri a kwathu kuno dzinali silidziwika ngati Oxford, zimenezo tivomereze. Koma ku mabungwe a mayiko limadziwika kwambiri, ndipo chimene chimatsegula zitseko ndi Chifalansa chimene munthu amabwera nacho. COMESA, imene likulu lake lili konkuno ku Lusaka, imagwiritsa ntchito Chifalansa pamodzi ndi Chingerezi. African Development Bank ili ku Abidjan. Ku African Union ndi ku SADC chimodzimodzi, muli DRC, Madagascar, Comoros. Ife a Malawi ndi Zambia timaluza mipando yambiri chifukwa timadziwa Chingerezi chokha. Komanso dziwani kuti kazembe wa France amene amayang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndiye za mapepala a ulendo ayambe kufufuza akangolandira kalata ya malo.

China chimene chimasokoneza anthu: ku France kuli masukulu ena okhala ndi dzina lofanana, Sciences Po Bordeaux, Sciences Po Lyon, Lille, Grenoble, Toulouse, Aix ndi ena. Amenewo ndi masukulu oima paokha, ali ndi malamulo awo olowera ndi fizi zawo, si nthambi za ya ku Paris. Sikuti ndi oipa ayi, ya ku Bordeaux imadziwika kwambiri pa kafukufuku wa za Africa. Koma sikolashipu zimene achemwali atchulazi za Mastercard ndi Boutmy ndi za ya ku Paris.

Aphunzitsi Mbewe: Ndibwerere kwa amjomba, chifukwa zimene anenazo si zabodza ndipo sindikufuna zingodutsa. Sukuluyi inalidi ya ana a mabwana a mu Paris kwa zaka zoposa 100. Amayi anayamba kuloledwa mu 1919. Koma amene anaigwedeza kwambiri ndi Richard Descoings, amene anaitsogolera kuyambira 1996 mpaka imfa yake ku New York mu 2012. Mu 2001 iye anachita mgwirizano ndi masekondale 7 a m'madera osauka, kumene kumakhala mabanja ambiri ochokera ku Africa ndi kwina, kuti ana anzeru a kumeneko azilowa osalemba mayeso olowera amene ena ankalemba. M'malo mwake ankakonzekera ku sukulu kwawo, kusanthula nkhani za m'nyuzipepala, kenako n'kukaonekera pamaso pa gulu la oyesa. Kunali phokoso ladzaoneni. Ena anati akutsitsa sukulu, ena anapita nazo kukhothi. Koma ndondomekoyo inapitirira, masekondale ake anachuluka kufika oposa 100, ndipo mu 2021 mayeso olemba olowera digiri yoyamba anathetsedwa kwa aliyense. M'malo mwake anayamba kuyang'ana mmene mwana wakhala akukhozera ku sekondale, zimene walemba za iye mwini, ndi kucheza naye pamaso.

Chimene ine ndimalemekeza n'chakuti anavomereza kuti mayeso aja sankayesa nzeru zokha. Ankayesanso nyumba imene mwana wakulira, ngati munali mabuku, ngati makolo anali ndi ndalama zolipirira makalasi okonzekera.

Mjomba wa ku Lunzu: Aphunzitsi, ndiye kota imeneyo. Kwathu kuno tinakangana nayo zaka zambirimbiri.

Aphunzitsi Mbewe: Zikufananako koma si chimodzi, amjomba. Yathu ija inkawerenga boma limene munthu akuchokera, ndiye mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi a boma limodzi ankaikidwa m'thumba limodzi. Ya Descoings inkayang'ana sukulu imene mwana akuphunzira, sukulu za m'madera ovutika. Tikanati tiyerekeze kuno, ndiye kuti yunivesite ikupita yokha ku ma CDSS a kumudzi kukafunafuna ana, n'kuwakonzekeretsa asanalowe.

Mjomba wa ku Lunzu: Pamenepo ndamva. Koma ndikanenabe kuti kutsegula kakhomo kam'mbali sikusintha mwini nyumba. Ana a anthu opeza bwino ndi amene akadali ochuluka kumeneko, ndipo utsogoleri wake wagwedezeka posachedwapa: mkulu wa sukuluyi anatula pansi udindo mu 2021, amene anamulowa m'malo nayenso anatula mu 2024. Mwana apite, sindikuletsa, koma apite maso ali otsegula. Akaphunzire luso lawolo, asakatengere mtima woona ngati anthu wamba ndi ofunika kuwaganizira chabe osawafunsa.

Nangondo: Amjomba mawu amenewo ndi oona, ndipo mkangano umenewu ophunzira eni ake amauchita tsiku ndi tsiku pakhomo penipeni. Mukalowa pa rue Saint-Guillaume mumapeza benchi yaitali yamatabwa pakati pa holo, imene amaitcha péniche. Pamenepo ndi pamene a mabungwe a ophunzira amaima ndi timapepala tawo, wina akufuna fizi itsike, wina akutsutsa utsogoleri, wina akuitanira anthu ku msonkhano wa za Africa. Mu April 2024 ophunzira anatsekereza nyumba za sukulu pa nkhani ya Gaza mpaka apolisi analowererapo. Si malo a anthu ongovomera zilizonse.

Mai a Chisomo: Pepani ndalowerera mochedwa. Zonse mwakambazi ndi za masitazi. Nanga mwana amene akumaliza kumene sekondale, digiri yoyamba imayenda bwanji? Wanga ali ku sukulu ya A-Level ndipo amakonda za ndale ndi mbiri.

Nangondo: Mayi, digiri yoyamba ndi ya zaka zitatu, ndipo chodabwitsa n'chakuti ana ambiri akunja saphunzirira ku Paris. Descoings uja anatsegula makampasi m'mizinda ing'onoing'ono, iliyonse yoyang'ana chigawo china cha dziko lapansi. Yoyamba inali ya ku Nancy mu 2000, yoyang'ana Germany ndi Ulaya. Ku Dijon amaphunzira za kum'mawa kwa Ulaya, ku Poitiers za Latin America, ku Menton m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean za mayiko a Aluya, ku Le Havre za Asia. Imene ingakhudze mwana wanu kwambiri ndi ya ku Reims, yotsegulidwa mu 2010 m'nyumba zakale za ansembe a chiJesuit. Kumeneko kuli pulogalamu ya North America komanso ya Africa. Reims ndi mzinda umene ankavekera ufumu mafumu a France, ulendo wa mphindi 45 pa sitima yothamanga kuchoka ku Paris, ndipo nyumba n'zotsikirako mtengo.

Chaka choyamba aliyense amaphunzira maphunziro asanu amene ndi msana wa sukuluyi: malamulo, chuma, mbiri, ndale ndi chikhalidwe cha anthu. Chaka chachiwiri mwana amasankha mbali imene akufuna kuzama nayo. Amayeneranso kugwira ntchito yothandiza anthu, monga ku malo osamalira okalamba kapena othawa kwawo, n'kulemba zimene waphunzirapo. Chaka chachitatu n'chokakamiza kuti akakhale kunja kwa France, ku imodzi mwa mayunivesite oposa 400 amene ali nawo pa mgwirizano. Palinso madigiri a pawiri, monga ndi Columbia ku New York kapena UCL ku London, zaka ziwiri uku, ziwiri uko, koma amenewo mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Mai a Chisomo: Ndiye pulogalamu ya Africa ku Reims amaphunzitsa m'chiyankhulo chanji? Wanga Chifalansa anangochiyamba pang'ono ku fomu 1 ndi 2.

Aphunzitsi Mbewe: Mayi, kaya alowera khomo la Chingerezi, musadikire kuti akachiyambire komweko. Mwana wa zaka 18 ali yekha mu mzinda ngati Reims afunika kutha kudzigulira chakudya, kufotokoza kwa dokotala pamene pakupweteka, ndi kuwerenga kalata ya mwini nyumba asanasaine. Mupezereni mphunzitsi panopa, kawiri pa sabata, ndipo cholinga chikhale kulemba mayeso a Chifalansa otchedwa DELF, ayambe ndi gawo la B1 kenako B2. Pepala limenelo limaperekedwa ndi unduna wa zamaphunziro wa France, silitha mphamvu, ndipo adzaligwiritsa ntchito ngakhale atasankha yunivesite ina ya kumeneko kapena ya ku Belgium.